Golovesi ya a Kapusi

Mtsikana wina, Kachangu, ankagwira ntchito yonyamula ndodo pabwalo la gofu, masewera aja omenya kampira koyera mpaka kagwere m'kadzenje. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa chikwama cha ndodo chilemere bwanji, iye ankayenda ngati wina akumuthamangitsa.

Tsiku lina anamupatsa mlendo woti amunyamulire, bambo wamtali wa kapusi yoyera amene onse ankangomutcha a Kapusi. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, Kachangu anatambasula ambulera yake n'kuwatchingira.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Amanditcha Kachangu, bwana."

"Amalakwitsa amenewo. Iwe ndiwe Mthunzi. Kuyambira lero ndiwe Mthunzi wanga."

Kachangu anaseka ataweramitsa mutu. Atsikana inu, kuseka kotero n'koopsa! Mano akangoonekera, mtima watsegula kale chitseko.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Mthunzi wanga, ndalowa m'nyumba koma dzuwa likundiwotchabe, poti iwe palibe." Ina inkati, "Ukaima pambali panga, kampira kamadziwa kokha njira." Kachangu ankawerenga, kuika foni pachifuwa, n'kuwerenganso.

Koma sanali wopusa ayi. Tsiku lina akupukuta ndodo anafunsa, "Kodi kunyumba kulibe mayi?"

A Kapusi anavula golovesi ya kumanzere, ija osewera gofu amavala dzanja limodzi, n'kutambasula zala pamaso pake.

"Taona wekha. Pali chiyani apa? Chala ichi chikudikira iwe."

Pachalapo panalibedi kanthu.

Kenako kunabwera nkhani ya mpikisano waukulu wa kudziko lina, kutali kokwera ndege.

"Tipitire limodzi, wapamtima. Tikangobwerako ndikupita kwa amalume ako. Ndikulonjeza, ndipo ndikanama dzanja ili liume!"

Abwana a pabwalo anakana kumupatsa tchuthi. Kachangu anavula yunifolomu n'kuisiya patebulo pawo. Ntchito inathera pomwepo. Achemwali ake atamva, anagwira m'chiuno.

"Iwe! Munthu amene sunaonepo ngakhale khomo la nyumba yake, ukukwera naye ndege? Kuntchito wachita kutsazika, nanga ukabwera uzidzadya mameseji?"

"Achemwali, inu simuwadziwa."

"Nawenso suwadziwa. Chabwino, pita. Koma pasipoti ndi tikiti yobwerera zikhale m'chikwama chako, osati m'thumba mwawo. Wamva?"

Pabwalo la ndege meseji inalowa: "Tsogola, ndikupeza m'kati. Achibale andiperekeza, ndi anthu olongolola." Kachangu anasuzumira pagalasi n'kuona mayi wa diresi yachikasu, mwana ali kumsana, akukonza kolala ya a Kapusi. Kodi mlongo amakonza kolala motero? Atafunsa pafoni, yankho linabwera msanga: "Ndi mlongo wanga uyo, nsanje yako yandikomera!" M'ndege mipando yawo inali yotalikirana.

Kumene anatsikirako, kutentha kwake kunali kwa mtundu wina. Mpweya unali wonyowa, wolemera ngati bulangete lonyikidwa m'madzi otentha. Ukasamba, usanamalize kudzipukuta thukuta labwerera kale. Mapazi a Kachangu anatupa mpaka zingwe za nsapato zinalowa m'khungu.

A Kapusi anatuluka m'ndege atavala kale golovesi.

"Aaa, mwavaliratu? Kodi kampira tikamenyera m'basi?"

"Ndikuzoloweretsa dzanja kutenthaku, Mthunzi wanga. Akatswiri amatero."

Pa chakudya golovesi inali pomwepo, dzanja lili pansi pa tebulo. Kachangu akupita kuchipinda cha onyamula ndodo, anawamva akunong'oneza wantchito wa pahotela kuti awapititsire sopo wamadzi ndi madzi oundana. Sopo ndi madzi oundana? Kodi avulala? Kodi china chawaluma, akuopa kumudetsa nkhawa?

M'mawa mwake pabwalo, madala wina wonyamula ndodo wa komweko anamuitanira pambali.

"Mwana wanga, kuno sikwanu. Kuno thukuta siliuma, ndiye thupi silizizira. Bwana wako azimwa madzi ludzu lisanabwere, uzithiramo kamchere. Aziyenda pang'onopang'ono. Ndipo golovesi ikanyowa asinthe, yonyowayo uipachike ku ambulera. Apo ayi, ndodo imaterereka."

Kachangu anathamanga kukagula magolovesi atsopano n'kudzaza mabotolo. Ankafuna munthu wake apambane, abwerere ali ndi nkhope yowala yokaonetsa kwa amalume.

Mpikisano unayamba. Atangodutsa maenje ochepa, malaya a a Kapusi anali atamatirira kumsana. Golovesi inada ndi thukuta, madzi akuchita kudontha pachigongono.

"Nayi youma, sinthani."

"Ili bwino iyi."

"Yanyowatu. Onani anzanu onse akusintha."

"Ndati ili bwino!"

Kachangu anayang'anitsitsa dzanjalo. Chala chimodzi chinali chitatukumula golovesi, ndipo a Kapusi akagwira ndodo ankaluma mlomo. Madzi ankangonyambita n'kubweza botolo, maganizo onse ali padzanja. Mantha anamugwira mtsikanayo. Nanga ngati ndi bala lomwe layamba kuwola? Nanga akamufera kuchilendo kuno, adzalira ndi ndani?

Pafupi ndi dziwe la pakati pa bwalo, a Kapusi anakweza ndodo n'kumenya ndi mphamvu. Ndodo inapulumuka m'manja, inauluka mozungulira, n'kugwera m'madzi kuti phava! Oonerera anaphulika kuseka. Wina anakuwa, "Bwana, m'dzenje mumalowa kampira, osati ndodo!"

"Chonde, wokondedwa, vulani ndione," Kachangu ananong'ona, akugwira dzanja lija.

A Kapusi analikoka mwaukali.

"Ntchito yako ndi kunyamula ndodo! Nyamula ndodo!"

Mawu amenewo anamubaya kuposa dzuwa. Mthunzi uja wasanduka wantchito? Anameza misozi, n'kuwatchingirabe ndi ambulera. Ana inu, munthu akakukalipirani chifukwa chomufunira zabwino, dziwani kuti pali chimene mwayandikira.

Sanapite patali. A Kapusi anayamba kuyenda mokhotakhota, maso atayera, akuyankhula zosamveka. Kenako miyendo inapinda, n'kugwa chafufumimba pakapinga.

"Mayo ine! Thandizeni! Anthu inu, thandizeni!"

Anawanyamulira kukachipinda ka odwala ka pabwalo pomwepo. Namwino anawavula malaya, kuwafunditsa mathaulo ozizira, n'kutenga diripi. Atafika padzanja la kumanzere, golovesi inakana kuvuka. Anatenga sizasi n'kuing'amba.

Chala chinali chitatupa ngati nthochi, chitada bii. Ndipo pakati pake, italowa m'mnofu, panali mphete yagolide.

Kachangu anaphethira. Anaphethiranso. Mphete inali pomwepo.

"Amayi, mphete ya amuna anuyi tiidula, apo ayi chala chiwonongeka," anatero namwino. "Alendo amatupa zala kuno, makamaka akachokera m'ndege. Bwanji simunawauze avuliretu?"

Namwino anadula ndi kachitsulo, n'kumuika Kachangu mpheteyo m'dzanja, ikadali yofunda.

"Musalire, amayi. Osula amalumikiza bwinobwino. Yaduka ndi mphete, ukwati sunaduke."

Namwino atatuluka, a Kapusi anatsegula maso pang'onopang'ono. Anayang'ana chala chawo, kenako dzanja la Kachangu.

"Mthunzi wanga..."

"Mumavulira kuti masiku onse? M'galimoto?"

"Tamvera kaye. Ndinati ndivule m'ndege, tulo tinandiba. Podzuka inali itakana. Ndayesa sopo, ndayesa madzi oundana..."

"Ndiye munalolera kufa kusiyana n'kuti ndione?"

"Chifukwa ndimakukonda! Ukwati umenewo unatha kale, watsala ndi dzina. Tikangobwerera, ndikulonjeza..."

Foni yawo inalira patebulo. Kachangu ndiye anali pafupi. Pagalasi panatuluka chithunzi cha mayi wa diresi yachikasu uja, tsaya lake litagunda tsaya la a Kapusi, mwana ali pakati. Pamwamba pa chithunzicho panali dzina limene anamusungira: Mthunzi Wanga.

Ngakhale dzina lomwe, linali lobwereka!

Kachangu sanakuwe. Anaimirira. Anaika mphete yoduka ija pachifuwa pawo, foni ikulirabe pambali pake.

"Yankhani. Mlongo wanu ali ndi nkhawa."

"Usandisiye chonchi, wapamtima! Mawa andinyamulira ndani? Ndipo ukupita kuti? Kuno sukudziwa munthu!"

Pamenepo Kachangu anaima. Zoonadi, akupita kuti? Anapisa dzanja m'chikwama chake, zala zikuterereka ndi thukuta. Anakhudza mabotolo, anakhudza magolovesi atsopano aja. Pansi penipeni, m'kathumba kamene achemwali anamusokera, pasipoti ndi tikiti zinali momwemo.

Anatulutsa magolovesi n'kuwasiya pabedi.

"Nawa ouma. Ndinagulira inu."

Chikwama cha ndodo anachisiya chitatsamira khoma. Anatenga ambulera yokha, poti inali yake.

Panja mpweya wonyowa uja unamukulunganso. Misozi ndi thukuta zinasakanikirana, osadziwika kuti izi ndi ziti. Ntchito analibe, nkhani yokauza amalume analibe. Anaima pansi pa mtengo n'kulemba meseji: "Achemwali, mukandichingamire. Ndikubwera ndekha."

Yankho silinachedwe: "Tikiti ili ndi iwe?"

"Ili ndi ine."

"Basi, bwera mwana wa amayi. Zinazo tidzalirira kuno."

Kachangu anatambasula ambulera, n'kudzitchingira yekha.