Elube ndi Tinsalu Khumi

Elube anali ndi chidole cha chitsononkho. Dzina lake linali Alesi. Koma Alesi analibe diresi. Elube ankafuna diresi la Alesi.

Masiku amenewo likulu linali litangochoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Paliponse ankamanga. Ankamanga misewu. Ankamanga maofesi. Ankamanganso koleji yatsopano.

Bambo ake a Elube anali a Jobu. Iwo ankasamala maluwa pakolejipo. Kuseri kwa koleji kunali kankhalango. Munali misuku, mipoza ndi miwanga. Munali njiwa, agologolo ndi abilimankhwe.

Loweruka lina Elube anapita kukatola masuku. Anaona tinsalu toyera titamangidwa pamitengo.

"Ndani wataya nsalu yabwino chonchi?" anatero Elube.

Anamasula kamodzi. Anamasulanso kena. Manja a mwana ameneyu sachedwa! Anamasula tinsalu khumi pamitengo khumi.

Kunyumba anasoka diresi. Alesi anatchena. Elube anavina ndi chimwemwe.

Lolemba bambo anabwera nkhope ili yakugwa. Anakhala pansi pafupi ndi amayi.

"Adula msuku waukulu uja," anatero bambo. "Chisa cha njiwa chagwa. Mazira onse asweka."

"Ogo! Adula chifukwa chiyani?" anafunsa amayi.

"Akulambula msewu. Mayi Tabitha, aphunzitsi a zamitengo, anasankha mitengo khumi. Anaimanga tinsalu toyera kuti isadulidwe. Koma wina wachotsa tinsaluto."

"Si angomanganso tina?"

"Apita kwawo ku Rumphi. Palibe wina akuidziwa mitengoyo. Mawa odula aja apitiriza."

Elube anabisa Alesi kumbuyo. Anaganiza za msuku uja. Anaganiza za mazira aja. Anamva chisoni kwambiri.

"Ababa," anatero motsitsa mawu. "Ndine ndinachotsa. Sindimadziwa. Pepani."

Anaonetsa diresi la Alesi. Misozi inali mbwembwembwe.

Elube anachita mantha. Kenako bambo anamugwira dzanja.

"Walakwa, mwanawe. Koma wachita bwino kunena. Kodi mitengoyo ukuikumbukira?"

"Eya, ababa. Yonse."

Elube anatenga lumo. Anadula ulusi wa diresi lija.

"Pepa, Alesi," anatero. "Nsaluyi si yathu."

M'mawa anapita ndi bambo kunkhalango. Anapeza odula mitengo akunola nkhwangwa. Kapitawo wawo anali a Kenani.

"Taimani kaye, a Kenani!" anaitana bambo. "Mwanayu akuidziwa mitengo ija."

"Kamwana aka?" anaseka a Kenani. "Chabwino, katisonyeze."

Elube anathamanga. "Mpoza uwu!" Anamanga kansalu. "Muwanga uwu!" Anamanga kansalu. "Msuku uwu!" Anamanganso kansalu.

Anamanga pamitengo isanu ndi inayi. M'manja munatsala kansalu kamodzi.

Elube anapita pamene panali msuku waukulu. Panalibe mthunzi. Panalibe njiwa. Panali chitsa chokha. Elube anaima pomwepo n'kuyamba kulira.

"Aka ndimanga pati, ababa?"

"Manga pachitsapo," anatero bambo. "Mizu yake ili moyo."

Elube anagwada. Anakunga kansalu pakhungwa la chitsacho.

A Kenani anasiya kuseka. Anauza anzawo kuti, "Mwaona? Chitsa ichi osachizula. Msewu ukhote pang'ono."

Mayi Tabitha atabwerako, Elube anapita kukapepesa.

"Ndakukhululukira," anatero iwo. "Mtengo umodzi wapita. Isanu ndi inayi waipulumutsa ndiwe."

Mvula inagwa. Inagwa, inagwanso. Lamlungu lililonse Elube ankapita kukaona chitsa. Palibe chinasintha. Mtima unkamuwawabe.

Tsiku lina anapita ndi bambo ndi amayi. Bambo anawerama.

"Elube, taona apa!"

Pambali pa chitsa panali timasamba titatu tobiriwira. Msuku unali utaphukira!

Elube analumpha. Anakumbatira amayi. Anakumbatira bambo.

"Ababa, udzabala liti masuku?"

"Ukadzakula, mwanawe. Patenga zaka zambiri."

Elube anayang'ana timasamba tija. Anazula udzu wa m'mbali mwake.

"Ndidikira," anatero.