Kabotolo Kofuna Filiji

Tsiku limene mayi Iness anaitanitsa ankhoswe, Jacinta anasesa pabwalo nayala mikeka iwiri pansi pa mtengo wa mango, ngati akukonzera mlandu wa munthu wina. Ukwati wake ndi Yoswa unali utatha zaka zinayi popanda mwana, ndipo apongozi akewo anali atatopa kudikira.

Panali chinthu chimene mayi Iness sankachidziwa. Chaka chapitacho Yoswa anafooka thupi, nasiya kulima, ndipo za m'nyumba zinamukanika. Dokotala wa ku Blantyre atamuyeza magazi anapeza kuti mahomoni achimuna anali ochepa, namuyambitsa jekeseni ya tesitositeroni. Anachenjeza awiriwo kuti jekeseniyo imabwezera mphamvu koma imatseka mbewu ya mwamuna, ndipo wofuna mwana ayenera kubayidwanso ina yothandizira, imene ikasungunulidwa imafuna kusungidwa mufiliji. Kunyumba kwawo kwa Malemia kunalibe magetsi. Filiji yokhayo yapachibale inali m'golosale ya mayi Iness ku Songani.

"Ndikaike mankhwala a umuna wanga pakati pa zakumwa za amayi anga?" anatero Yoswa ali panjira. "Bola kufa." Atafika anaponya kabotolo ka mankhwala othandizirawo m'sutikesi.

Mphamvu zinabwereradi, koma sizinabwere zokha. Kunabuka ziphuphu kumsana, mawere anatupa kotero kuti ankavala malaya awiri, ndipo ukali wake unagwedeza mahinjesi a chitseko. Miyezi yoyamba Jacinta ankalira. Kenako misozi inaphwa yokha.

Anthu atakhala pansi, mayi Iness anayang'ana a Isaki, malume ake a Jacinta.

"A Isaki, muoneni mwana wanga. Onani mapewawo! Munda wonse wa mpunga walima yekha. Mwamuna wotereyu n'kulephera kubereka? Pamudzi pano munamutengera kulima basi? Mumasuleni, akazi sanathe."

A Isaki anatsokomola. "A Yoswa, mawu anu ndi otani?"

Yoswa anakanda pakhosi, maso ali pansi. "Amayi anena kale."

Jacinta anawamva mawuwo ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kabotolo kaja. Anagwada, nakaika patsogolo pa apongozi ake.

"Amayi, mdzukulu amene mukumufuna kwa ine watha chaka m'sutikesi. Mapewa mukuwayamikirawo ndi a jekeseni, ndipo jekeseniyo imatseka mbewu. Kabotolo aka n'kotsegulira. Kankangofuna malo m'filiji yanu, koma mwana wanu anachita manyazi."

"Jacinta!" Yoswa anaimirira. "Wandivula pamaso pa amayi anga!"

"Munali ndi pakamwa, bambo. A malume anakufunsani."

Yoswa analowa m'nyumba namenyetsa chitseko, hinjesi ya pamwamba n'kuzuka. Palibe anamutsatira.

Mayi Iness anatola kabotoloko naliyang'ana dzina la mankhwala limene sakanatha kuliwerenga. Misozi inatsikira pa chitenje chawo.

"Filiji ija theka lake n'lopanda kanthu," anatero motsitsa. "Mwanawe, ine ndinakunena kumpingo, ndinakunena pamsika. Bwanji sunandiuze?"

"Sichinali chinsinsi changa."

"Ndikaika kuseri, kumene wantchito safika," anatero mayi Iness. " Apongozi, ndikhululukireni. Tikonze banjali."

Jacinta anayang'ana chitseko chopendekekacho. Chaka chathunthu anali akulakalaka mawu amenewa, koma atafika anapeza kuti alibe powaika.

"Tengani kabotoloko, amayi, mutengenso mwini wake. Pano ndi pathu, wochoka si ine. Tsiku limene adzafotokoze yekha pamaso pa ankhoswe, ndi pakamwa pake, a malume adzandiuza. Pamenepo ndidzaona ngati ndikumufunabe."

A Isaki anavomera ndi mutu.

Dzuwa lisanapendeke, Yoswa anatuluka ndi sutikesi, atavala malaya ake awiri. Mayi ake anatsogola, kabotolo katamangidwa pakona ya chitenje. Jacinta anapinda mikeka, naiimika pakhonde, nakafuna misomali yokonzera chitseko.