Zikhomo m'Dimba la Malita

Enelesi anali Sitandade 8 pamene analonjeza. Tsikulo anali ndi mkulu wake Malita m'dimba lawo, kumunsi kwa mudzi wina kufupi ndi Kandeu, akukumba mbatatesi. Makolo awo onse anali atamwalira, ndipo wachibale wina wa bambo awo anali atangochoka pamalopo atanena kuti dimbalo ndi lake. Malita anangopitiriza kukumba, misozi ikugwera pa mpini.

"Achemwali, musalire," anatero Enelesi. "Ine ndiphunzira mpaka ndidzalowe m'maofesi momwe amagamula za malo. Ndikadzafika kumeneko, palibe amene adzaponde m'dimba lanu lino."

Malita anaseka uku akumina, n'kumuuza kuti ayambe watola mbatatesi zimene ankazipondazo. Nkhani itapita kubwalo, wachibale uja analephera mlandu ndipo sanabwerenso. Dimba linatsala m'manja mwa Malita, ndipo ndi lomwe linamuphunzitsa Enelesi. Mbatatesi, kabichi ndi nsawawa zinkakwera phiri pamutu pa Malita kupita kumsika, n'kubwerera zitasanduka yunifolomu, sopo ndi nsapato.

Enelesi anali ndi mutu. Anapita ku yunivesite, kumene anaphunzira za chilengedwe. Anagwirapo ntchito m'boma ku Lilongwe, m'gulu limene linkalemba ndondomeko yoteteza magombe a mitsinje. Kenako anapita kunja, kumaiko ozizira kumene anthu amakambirana za mitsinje ya kuno atakhala m'zipinda zosatsegula mawindo. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse. Kenako ankaimba pa Khirisimasi. Mwana wa Malita, Hannah, anabadwa, nayenda, nafika kusekondale, amayi ake aang'ono akumudziwira pazithunzi.

Atabwerera kuno, Enelesi analembedwa ntchito ndi kampani ina yopanga zakumwa ku Blantyre, ngati mkulu woona za chilengedwe. Kampani yotere imamwa madzi ambiri, tsono imayenera kuonetsa boma ndi ogula kuti ikubwezera kanthu kumitsinje. Mabwana anagwirizana zodzala nsungwi ndi mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mitsinje ya kumapiri, ndipo Enelesi ndiye anasankha dera la kwawo. Ananena pamsonkhano kuti malowo amawadziwa ngati chikhatho chake.

Anatumiza oyeza malo mu Febuluwale, chifukwa mabwana ankafuna mapu chaka cha kampani chisanathe. Mwana aliyense wa ku Kandeu amadziwa kuti mu Febuluwale dambo limakhala pansi pa madzi, anthu onse ali kuminda ya kumtunda, ndipo madimba amalimidwa mvula ikatha. Enelesi nayenso ankadziwa kale. Koma zaka za m'zipinda zija zinali zitamuiwalitsa. Oyeza anapeza madzi ndi bango, anakhoma zikhomo zofiira, n'kukanena kuti malowo salimidwa.

Enelesi anafika kwawo mu Okotobala, pa galimoto ya kampani, atakhala kumbuyo ndi abwana ake. Mapiri amene anawasiya ali ndi misuku anali atameteka mpala. Pamene panali mtengo wa mkuyu panali shopu yotchajirapo mafoni, ndipo njinga zamoto zinkadutsa zikuwaza fumbi pa milu ya tomato. Iye ankayembekeza kuti mtima ugunda. Sunagunde. Ankangoona zonse ngati munthu woonera kanema wozimitsa mawu.

M'mawa anamupempha kuti alankhule kwa ana pasukulu yake yakale. Anawauza za ntchito yake: kuti kampani zikuluzikulu masiku ano zimafuna anthu odziwa madzi, nthaka ndi malamulo, ndiponso kuti boma limafuna anthu olemba ndondomeko zimene zimasintha miyoyo ya anthu ambirimbiri. Anawalangiza kulimbikira Jogalafe, Bayoloje ndi Chingerezi. Mawuwo anali atawanenapo m'maholo ambiri, moti ankatuluka okha. Mnyamata wina wakumbuyo anafunsa ngati galimoto ili panjayo amakagona nayo kunyumba, ndipo kalasi yonse inaseka. Wina anafunsa ngati munthu wolephera masamu angathe kuteteza chilengedwe, anzake n'kumuuza kuti ayambe wateteza mutu wakewo.

Atatuluka, mtsikana wamtali anamuthamangira, n'kugwada pang'ono pomupatsa moni. Anali Hannah. Anzake anaima chapatali akumuyang'ana mwansanje.

"Ndawauza onse kuti ndinu amayi anga aang'ono, koma amakana," anatero Hannah. "Amayi akukudikirani. Akuti mukafika inu, zikhomo zija zizulidwa."

Enelesi anafunsa kuti zikhomo ziti. Hannah anafotokoza mosadandaula, ngati akunena za nyengo. Mvula itatha, anthu anapeza zikhomo zofiira m'madimba mwawo. Ena onse anapita kumisonkhano kukadandaula, ndipo zikhomo zawo anazisunthira kumphepete kwenikweni kwa madzi. Malita yekha sanapiteko. Ankati sangakaime pamzere ngati munthu wopanda wake, pamene mng'ono wake ndiye mwini ntchito. Kuimba foni nako anakana, ati nkhani ya malo sikambidwa pafoni. Munthu amadikira mnzake afike, akhale pamkeka. Zikhomo za m'dimba mwawo zinali chiimire, ndipo pa chimodzi Malita ankakolekapo kheni yake yothirira.

Mlangizi wa za chilengedwe wa m'deralo anali Kizito, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Enelesi. Enelesi anamupeza kuseri kwa holo akusanja mipando ya msonkhano womaliza wa masanawo.

"Amayi a ku Ulaya," anatero Kizito akuseka. "Chichewa mukadakumbukabe, kapena tikupezereni womasulira?"

Enelesi sanaseke. Anamufunsa chimene chingachitike ngati munthu atadandaula lero. Kizito anasiya mipando. Anati oyeza angafunike kubweranso, mapu n'kujambulidwanso, chilolezo n'kupemphedwanso, ndipo pofika nthawi imeneyo mvula yodzalira idzakhala itapita. Mbande zimene zinali kunazale zikanakula mopitirira. Koma ngati palibe wodandaula, malo onse a m'kati mwa zikhomo atsekedwa, ndipo palibe adzalimemonso.

"Ukundifunsa ine?" anatero Kizito. "Ndondomeko imeneyi unalemba nawo ndiwe. Achemwali ako ndinawapitira kunyumba, anandiseka. Lero ndifunsa komaliza. Wina ayankhe, iwo kapena iwe."

Enelesi anatsikira kumudzi wapansi. Kanjira kanali komwe kaja, koma kanaoneka kafupi. Ali pamtunda analiona dimba, lobiriwira pakati pa udzu wouma, mizere ya mbatatesi itachita maluwa, zikhomo zofiira zitalizungulira lonse.

Malita anali atakalamba kuposa zaka zake. Anamukumbatira, namuyang'ana nkhope nthawi yaitali, n'kunena kuti kunjako anthu sadya. Anayala mkeka, nabweretsa thobwa m'kapu yatsopano imene inali ikadali ndi kapepala ka kusitolo. Anafunsa za ulendo, za kuzizira kwa kumene anali, za chifukwa chake sanakwatiwe. Anamuuza amene anamwalira ndi amene anasamuka. Enelesi anamwa thobwa osamva kukoma kwake.

"Achemwali, za zikhomo zija..."

"Iwe, wangofika kumene," anamudula Malita. "Fumbi likadali kumapazi. Ugone kaye, nkhani tikamba mawa."

Enelesi ankadziwa kuti mawa kulibe. Akanatha kuika kapu pansi n'kunena kuti msonkhano wa lero ndi womaliza. Mawuwo anali pafupi. Kenako foni inalira, abwana akufunsa kumene ali, poti wojambula zithunzi anali atafika. Anaimirira, napepesa, nakwera mtunda.

Anthu anadzaza bwalo la sukulu. Enelesi anakhala kutsogolo, patebulo loyalidwa nsalu, pambali pa abwana ake. Abwanawo analankhula za mitsinje imene idzayendanso chaka chonse, namutchula Enelesi kuti ndi mwana wa m'dera lomwelo amene sanaiwale kwawo. Anthu anaomba m'manja. Zimene ananenazo sizinali zabodza: magombe ankagumukadi chaka ndi chaka, ndipo nsungwi zikanawagwira. Enelesi ankadziwa zimenezi kuposa aliyense pabwalopo.

Kenako Kizito anaimirira. Anafunsa ngati alipo amene amalima m'malo otsala m'kati mwa zikhomo, ndipo anati ngati alipo anene tsopano.

Amayi amene anakhala pansi kumanzere anatembenukira kwa Malita. Wina anamugunda ndi chigongono. Malita anali atavala chitenje chake cha kutchalitchi, manja ali pamiyendo. Kwawoko munthu saimirira pagulu kutsutsa ntchito ya m'bale wake, makamaka mabwana ake ali pomwepo. Zolakwika zimakonzedwa kunyumba, alendo atapita. Anayang'ana mng'ono wake n'kumwetulira pang'ono, ngati akumuuza kuti asade nkhawa, iye samuchititsa manyazi.

Enelesi anaona kumwetulirako. Anaona wojambula atagwada ndi kamera yake. Anaona botolo la madzi patsogolo pake, lili ndi chizindikiro cha kampani, kadontho kakutsetsereka m'mbali mwake. Anaganiza za mbande za kunazale, za ntchito imene anali asanathe nayo chaka, za mmene angafotokozere kuti amene anatumiza oyeza nthawi yolakwika ndi iye mwini. Maganizowo ankadutsa patali, ngati magalimoto a pamsewu waukulu.

Kizito anabwereza funso lija, maso ali pa Enelesi. Mbuzi inalira kuseri kwa makalasi. Kizito anadikirabe kanthawi, kenako ananena kuti popeza palibe, nkhani yatha. Anthu anaomba m'manja, amayi naimba nthungululu. Malita anaimba nawo.

Abwana ankafuna kukafika ku Blantyre dzuwa lisanalowe. Enelesi anali atatsegula kale chitseko cha galimoto pamene Malita anafika akupuma mwawefuwefu, thumba la mbatatesi lili pamutu. Dalaivala anachita tsinya poona dothi, koma analilandira.

"Sugona?" anafunsa Malita.

"Ntchito, achemwali."

"Chabwino. Ndinaona kuti pagulu paja sukanatha kulankhula. Ukakonzere kuofesi konko." Anamupukuta fumbi paphewa. "Koma usachedwe. Ndikufuna ndithire manyowa."

"Ndikaona, achemwali," anatero Enelesi.

Galimoto inanyamuka. Abwana anamuyamikira kuti msonkhano wayenda bwino, ndipo anati chithunzi chake chidzakhala patsamba loyamba la lipoti la chaka. Enelesi anathokoza. M'galimoto monse munkamveka fungo la dothi lonyowa lochokera m'thumba lija, mpaka abwana anapempha dalaivala kuti atsegule zenera.

Mvula yoyamba itagwa, antchito a kampani anatsikira kudambo ndi makasu ndi mawilibala. Analowa m'dimba la Malita, nasalaza mizere, n'kudzala nsungwi kuyambira kumadzi mpaka kumalire.