Mabawuti Asanu ndi Atatu Akale

Nyumba ya bambo makaniko inali kuseri kwa galaja yawo, ndipo inali nyumba yamtendere. M'mawa uliwonse banja linkapemphera pamodzi zitseko za galaja zisanatsegulidwe. Munali bambo, mayi, mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake, ndiponso mwana wawo wamwamuna wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene ankamutcha Mafulumira chifukwa ankamanga chitsulo asanaone ngati chakhala bwino.

Lolemba, pa 4 Febuluwale, kunabwera galimoto yofiira yampikisano, injini yake itawonongeka mkati. Mafulumira anali atanyamula kale sipanala pamene bambo anaitana mkamwini wawo.

"Akamwini, injini iyi mumange ndinu. Iwe Mafulumira, uzikawagulira zofunika."

"Bambo, ine ndinabadwira muno. Alamuwa abwera dzana."

"Abwera dzana, inde, koma amayeza asanamange. Iwe umayeza utathyola kale."

Mlongo wake anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamukhala mumtima. Pa chakudya chamasana mayi anamukokera pambali.

"Mwanawe, ndaona mmene ukuwayang'anira alamu ako. Luso lawo silinakulande lako. Upempherere mtima umenewo usanakutume ntchito."

Iye anayankha kuti palibe kanthu.

Lachinayi, pa 7 Febuluwale, anatumidwa kukagula makonirodi anayi, zitsulo zimene zimalandira mphamvu ya mapisitoni mkati mwa injini. Atsopano sankapezeka, choncho anayenera kugula ogwiritsidwapo kale ntchito. Bambo anamulangiza momveka bwino.

"Makonirodi akale alibe vuto ngati ali owongoka, ndipo tidzawayeza. Koma mabawuti ake akale ukataye. Amakhala atatamuka, ndipo maso sangaone. Ugule atsopano asanu ndi atatu."

Anagula mabawuti atsopanowo m'kabokosi kawo, kenako anapita kukagula makonirodi kwa wogulitsa zitsulo zakale, amene anthu ankamutcha Dzimbiri.

"Bwana wamng'ono!" anatero Dzimbiri. "Ndamva kuti mwakwezedwa. Tsopano ndinu mtumiki wa alamu anu."

"Musandiyambe, akulu."

"Ine ndikungokumverani chisoni. Galaja ija idzalembedwa dzina la mlendo inu mukusesa pansi. Komatu injini ikafa, anthu safunsa amene anagula zitsulo. Amafunsa amene anamanga."

Mafulumira sanachoke. Anaima n'kumayang'ana Dzimbiri akupukuta mabawuti akale mpaka anawala, akuwaika m'kabokosi kaja ka mabawuti atsopano, atsopanowo n'kuwaponya m'thumba mwake.

"Sichichita ngozi chimenechi?" anafunsa.

"Ngozi yanji? Injini idzangogogoda n'kuzima, alamu anu manyazi n'kuwagwira. Basi."

Makonirodi anayezedwa ndipo anapezeka owongoka. Mabawuti sanakayikiridwe ndi aliyense, popeza anatuluka m'kabokosi katsopano, m'manja mwa mwana wa m'nyumba. Kwa masabata atatu mlamu uja anamanga injini mosamala, ndipo kawiri konse anaitana Mafulumira.

"Alamu, bwerani tigwirizane apa, manja anu ndi amphamvu kuposa anga."

Mawu abwinowo ankamuwawa kuposa chipongwe.

Loweruka, pa 2 Malichi, anapita nayo galimoto kumsewu woyesera. Injini italizidwa, mwini galimoto anawomba m'manja, nagwira mlamu uja paphewa.

"Mkulu," anauza bambo, "mkamwini wanuyu ndiye galaja yanu yamawa."

Bambo anamwetulira. Kenako anachita chimene Mafulumira sanachiyembekezere: anatsegula chitseko, nakhala pambali pa mkamwini wawo, amene ankayendetsa, kuti amvere injiniyo ndi khutu lawo ikamathamanga. Asanatseke anatembenukira kwa Mafulumira.

"Mwanawe, zonse zili bwino kumeneko?"

Choonadi chinamufika Mafulumira pammero. Koma anaona mlamu wake akuseka ndi mwini galimoto, anaona mlongo wake akuyang'ana mwamuna wake monyadira, ndipo anameza.

"Zili bwino, bambo."

Ulendo woyamba unatha bwino, wachiwirinso chimodzimodzi. Pa ulendo wachitatu, galimoto ili pa liwiro lonse, bawuti limodzi linaduka. Konirodi inaboola injini, mafuta anakhuthukira pamatayala, ndipo galimoto inazungulira n'kukamenya khoma cha kumbali kwa bambo.

Mlamu anatuluka ndi mabala ochepa. Bambo anadulidwa dzanja lamanja kuchipatala pa 4 Malichi.

Pa 11 Malichi mlamu anaika sipanala zake pathebulo, maso ali ofiira.

"Ndinamanga ndine. Penapake ndinalakwitsa, ngakhale sindikudziwa pati. Sindidzagwiranso injini ya munthu."

Anasamuka ndi mkazi wake tsiku lomwelo, ndipo makiyi a galaja anaperekedwa kwa Mafulumira. Chimene ankachifuna anachipeza chonse. Koma eni magalimoto anali atamva za ngoziyo, ndipo pa masabata awiri kunabwera galimoto imodzi yokha, yofuna mpweya m'tayala. Ntchito yake yeniyeni inakhala ina: m'mawa uliwonse ankamanga mabatani a malaya a bambo ake.

Lamlungu, pa 24 Malichi, ali pa batani lachitatu, bambo anati, "Ukawaone alamu ako. Ndamva kuti sakudya. Ukawauze kuti sindinawasungire kanthu."

Mafulumira anasiya batanilo. Anagwada, naulula zonse: Dzimbiri, kabokosi, mabawuti opukutidwa aja. Mayi, amene anali pakhomo, anagwira pakamwa n'kukhala pansi.



"Ndinakufunsa chitseko chili chotsegula," anatero bambo. "Mawu amodzi okha, mwanawe. Unasankha kuti ndipite kusiyana ndi kuti alamu ako ayamikiridwe."

"Ndikhululukireni, bambo."

"Kukhululuka ndakhululuka, chifukwa inenso ndimapempha chikhululukiro kwa Mulungu. Koma dzanja silibwerera. Siya makiyi pathebulopo. Upite kwa alamu ako lero lomwe, ukanene zimenezi mlongo wako akumva. Munthu uja wasenza mlandu wako masiku makumi awiri ndi awiri."

Anapita. Mlamu wake anamvetsera mpaka kumapeto, nalira, ndipo pa 1 Epulo anabwerera ku galaja. Mlongo wake sanamulankhule Mafulumira mpaka chaka chinatha.

Wachinyamata iwe, chenjera ndi nsanje. Imakuuza kuti chovulala chidzakhala chitsulo chokha ndi ulemu wa mnzako, koma siikufunsa amene adzakhale m'galimoto. Ukaimva mumtima, iulule msanga kwa Mulungu ndi kwa makolo ako, isanafike m'manja mwako.