Bowo Lomaliza la Nyumba ya ku Sasare

Nkhani iyi sindinauzepo anzanga a kusukulu, ngakhale abusa. Zinachitikadi, mwezi wa Okutobala chaka chatha, ndipo a Sakala amene amalonda nyumba ija ku Sasare akali moyo, mukhoza kukawafunsa. Mukafika muyang'ane pansi pa malata, mbali ya kum'mawa. Pali bowo limodzi losatseka mpaka lelo. Mtsikana wa m'nkhaniyi ndimutchula Olipa, chifukwa kulemba kuti "ine" sindikwanitsa.

Olipa atamaliza sukulu anali kukhala ku Nyimba kwa mlongo wake wamkulu, Febian Daka, amene anamulela makolo awo atamwalila. Anali mtsikana wosakamba zambili. Mlendo akalowa, iye amatulukila kumbuyo. Febian anali wosiyana naye kothelatu, munthu waphokoso, wokhoma madenga, amene mudzi wonse unali kumuitana njoka ikalowa m'khola kapena njuchi zikamanga m'tchalitchi. Anali kuthandiza mwaulele, mpaka tsiku lina mkazi wake Jennipher anamufunsa ngati "zikomo" amaphikidwa ndi mchele kapena ndi nsinjilo.

Ndipo Febian anaganiza zosandutsa ntchitoyi kukhala bizinesi. Ku ofesi ya zanyama zakuthengo anamuuza kuti kuchotsa nyama zovutitsa anthu kumafuna laisensi, ndipo laisensi imafuna maphunzilo. Anapita ku Chipata, nabwelako ndi magolovesi ofika m'zigongono, ndodo yogwilila njoka, ndi malamulo odzadza m'kamwa. Osapha. Osathila poizoni. Osatentha. Chinatsala chinthu chimodzi chabe: munthu wa ku ofesi aone ndi maso ake ntchito imodzi yonse, kuyambila poyamba mpaka pomaliza, ndiye apeleke pepala.

"Iwe Madamu Chete," anatelo kwa Olipa, "ndakulemba ntchito. Ndiwe wogwila nsungwi wa kampani."

"Nsungwi ya chiyani, achimwene?"

Anamufotokozela. M'siling'i, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala munthu akhoza kukomoka osadziwa kuti akukomoka. Choncho wolowamo sayenela kukhala chete. Febian aziimba mluzu, ndipo wapansi aziyankha pogogoda siling'i ndi nsungwi, kuti aliyense adziwe kuti mnzake alipo. Mluzu wake unali umodzi, nyimbo ya kwaya imene anamuchotsamo, chifukwa pokwela mawu anali kuphonya pamalo amodzimodzi nthawi zonse.

Ntchito yoyesedwa inapezeka ku Sasare, m'boma la Petauke. Inali nyumba yakale ya nthawi ya migodi ya golide, yamakoma okhuthala ndi siling'i yayitali, imene banja lina la ku Lusaka linagula. Munali mileme. Fungo linawalandila akali pa njinga yamoto, fungo la mkodzo wakale losakanikilana ndi lokoma ngati la mango oola. Pakhonde panali zitosi zakuda ngati mpunga wopselela. Amai a Mwanza a ku ofesi anafika pagalimoto yawo, natseka mphuno ndi mpango.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Masana umatseka mabowo onse ndi waya wa sefa ndi simenti, n'kusiya limodzi. Dzuwa likalowa mileme imatulukila pamenepo kukasaka chakudya. Wina amalowa m'siling'i ndi tochi kuona kuti simunatsale kanthu, ndiye umatseka lomaliza.

A Sakala, mkulu woonda wa chipewa cha mlaza, anaonelela tsiku lonse atakhala pa chitsa. Dzuwa litapendeka anayandikila makwelelo.

"Bambo, mutseke onse amene mufuna. Koma ilo la kum'mawa musiye."

"Ndikasiya, mailo m'mawa ibwelela yonse, tate."

"Azungu a migodi analisiya. Aphunzitsi amene anakhalamo analisiya. Mileme iyi sichokela m'mitengo, imachokela m'maenje aja akale. Si zonse zolowa muno zimene zimatuluka nthawi imodzi."

Febian anaseka, koma mwaulemu. Anayang'ana kwa amai a Mwanza. Iwo anati lamulo la ntchito ndi lakuti nyumba itsekedwe yonse, apo ayi mwini wake adzati wanamizidwa. A Sakala anabwelela pa chitsa chawo.

Madzulo mileme inatuluka. Inali kuthothoka pabowo ngati madzi akuda, n'kulowela kuphili. Itatha, Febian anamanga nsalu kumphuno, naimika makwelelo m'chipinda chapakati, pansi pa kachitseko ka siling'i, nakwela. Olipa anatsala yekha ndi nsungwi yake. Amai a Mwanza anali panja kusaka netiweki.

Mluzu unayamba. Unayenda pamwamba pa mutu wake, kulowela kukhichini. Go, go, anayankha Olipa. Unabwelela, n'kuphonya pamalo pake paja, ndipo Olipa anamwetulila yekha. Go, go. Unalowela kum'mawa, kumene denga limatsika.

Ndiye unaleka.

Olipa anagogoda. Palibe. Anagogodanso mwamphamvu. Panja nyenje zimene zinalila tsiku lonse zinali zitakhala chete, zonse pamodzi. Fumbi losalala linatsika pa mng'alu wa siling'i n'kumugwela padzanja. Linali lozizila.

"Achimwene?"

Mapazi anaonekela pa kachitseko. Febian anatsika pang'onopang'ono, chagada, osayang'ana popondapo. Tochi analibe. Anavula nsalu kumphuno. Malaya ake anali ouma. Munthu wochoka m'ng'anjo imeneyo, malaya ouma.

"Mulibe kanthu," anatelo.

Anatenga hamala, nakwelanso, nakhomela kachitseko ndi misomali yaitali mbali zonse. Kenaka anatulutsa makwelelo kupita nawo ku bowo la kum'mawa. Olipa anamugwilila makwelelo. Anamuona bwinobwino, chifukwa kunali kusanade: waya m'dzanja lamanzele, hamala kumanja, misomali itatu ailuma pamilomo monga amachitila akalipentala.

Pamene anakhoma msomali woyamba, mluzu unayambanso.

Unachokela m'kati. Kuseli kwa waya. Nyimbo yomweyo, n'kuphonya pamalo pomwepo.

Olipa anayang'ana milomo ya munthu amene anali pamwamba pake. Misomali inali pomwepo.

Anacheukila kuchitsa. A Sakala anali ataimilila, chipewa chili m'manja. Maso awo anakumana ndi a Olipa, kenaka mkuluyo anatembenuka n'kulowa m'njila ya kumudzi. Amai a Mwanza anabwela akumwetulila, naunika simenti ndi foni yawo, natulutsa laisensi m'chikwama.

"Ntchito yaukhondo, a Daka. Mwayamba bwino."

Olipa akanati chiyani pamaso pa munthu wa boma, tsiku limene mlongo wake analilimbila chaka chonse? Kuti achimwene ali m'denga, pamene achimwene aima apa akulandila pepala ndi manja awili? Anakwela njinga yamoto. Njila yonse mpaka ku Nyimba anagwila chitsulo chakumbuyo. Sanafune kukhudza msana umenewo.

Kunyumba Jennipher anaimba nthungululu, napachika laisensi pakhoma, napha nkhuku. Febian anadya pang'ono. Sanaseke munthu. Sanatchule Madamu Chete. Anasamba ndi sopo wochapila zovala, koma fungo la mango oola linatsala pa mpando umene anakhalapo, pa kapu imene anamwela, ngakhale pa chitenge cha mkazi wake.

"Kutopa chabe," anatelo Jennipher m'mawa mwake, akusesa pakhomo. Sanayang'ane Olipa.

Foni inayamba kulila. Njuchi pa golosale ku Kacholola, njoka m'nkhokwe ku Nyalugwe, anyani m'dimba la munthu wina. Febian anali kuyang'ana foniyo mpaka italeka yokha. Masana anali kukhala m'chipinda, makatani otseka, maso otsinzina, koma osagona. Ntchentche ikadutsa, mutu wake unali kuitsatila.

Kenaka anayamba kutseka mabowo a nyumba yawo.

Anayamba ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo. Anamata simenti pamene malata amakumana ndi khoma. Anakhoma waya pawindo la kukhichini.

"Bambo a kwathu, muno mulibe mileme," anatelo Jennipher, akuyesa kuseka. "Mufuna tiphikike?"

"Onse," anayankha. "Kusiya limodzi."

Olipa anadziwa kachitidwe kameneko. Anadziwanso chimene chimachitika ku limodzilo pomaliza.

M'mawa mwake ananama kuti akupita ku Petauke kukatenga setifiketi kusukulu. Anakwela minibasi, kenaka kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Sasare. Anafika dzuwa lili paliwombo. Malata a nyumba ija anali kuthetheka ndi kutentha. A Sakala anali pansi pa mtengo wa msekese, kutali ndi khonde. Atamuona sanadabwe. Anamupatsa kiyi.

"Ndimamumva," ananong'ona. "Poyamba anali kuimba kawilikawili. Manje ndi mwa apo ndi apo."

"Bwanji simunatsegule, agogo?"

"Ndine ndani ine? Chotseka a m'banja, atsegule a m'banja. Ndipo ukatsegula, mwana wanga, uyambe waganiza za uyo ali kunyumba kwanu."

Nsungwi yake inali pomwe anaisiya, yotsamila khoma. Anaitenga. M'nyumba munali chete, ndipo fungo la mileme linali litatha. Linali litasamuka.

Go, go.

Anadikila. Anamva mtima wake wokha.

Go, go.

Kumbali ya kum'mawa kunakwekweleza chinthu cholemela. Chinayandikila, chikupumula panjila, mpaka pamwamba pake penipeni. Ndiye mluzu. Unali mpweya chabe, wa milomo youma. Sunafike n'komwe pamalo pophonya paja.

"Achimwene?"

Mawu anatsika pa mng'alu, aang'ono ngati a mwana.

"Madamu... madzi."

Olipa anabaya kachitseko ndi nsungwi mpaka nsungwi inang'ambika. Anakokela tebulo lothyoka, nakwelapo, koma zala zake sizinafike. Misomali ija inali yaitali. Panafunika makwelelo ndi hamala, ndipo zonse zinali ku Nyimba. Panafunikanso munthu wina, wamkulu, woti amve ndi makutu ake mawu amene Olipa anali asanawatulutse.

"Ndibwela," anatelo chokweza, akulila. "Musaleke kuimba. Mwamva? Musaleke."

Anafika kunyumba dzuwa litafiila. Ali patali anamva kukhoma. Mawindo onse anali ndi matabwa tsopano. Chitseko chokha ndicho chinali chotsegula, ndipo pambali pake panatsamila matabwa ena, odulidwa kale molingana ndi muyeso wake. M'kati munali mdima, ndipo mu mdimamo munthu anali kukhoma osaphonya msomali.

Jennipher anali kuseli kwa khichini, atakhala pa mtondo wogadabuza, manja ali pamiyendo. Moto unali wosasonkha. Olipa anagwada pafupi naye. Anaganiza za kuthawa, monga anali kuchitila alendo akabwela. Kenaka anakumbuka milomo ija, yolephela kumaliza nyimbo.

"Alamu."

"Setifiketi ili kuti?"

"Sindinapite kusukulu."

Jennipher anamuyang'ana tsopano. Maso ake anali ofiila ngati a munthu amene sanagone chibwelele mwamuna wake.

"Alamu," anatelo Olipa, ndipo mawu anatuluka omveka, okwela kuposa mmene anafunila, "achimwene sanatsike. Akali m'siling'i ku Sasare. Ali moyo, ndawamva, akupempha madzi. Uyo ali m'nyumbamo sindimudziwa."

Jennipher sanakuwe. Sanamutchule wamisala. Anatseka maso, natulutsa mpweya wautali, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kenaka anafunyulula m'chiuno mwa chitenge chake. Munali kiyi ya njinga yamoto, ndi hamala yakale ya Febian, ija yozulila misomali.

"Ndinali kuopa kuti ndine ndekha," ananong'ona. "Tenga chigubu cha madzi. Makwelelo ali kuseli kwa bafa. Usathamange."

Olipa anaimilila.

M'nyumba, kukhoma kunaleka.