Firiji ya a Chipewa

Fungo loipa ndi limene linamudzutsa Mafunso m'mawa umenewo. Atalowa m'golosale, kachipinda kakumaso kwa nyumba yawo, anapeza amayi ake atagwada, akukolopa madzi amene ankatuluka kunsi kwa firiji. Mkaka wa m'mapaketi unali utasasa, masoseji atayamba kununkha. Firijiyo inangoti zii.

"Magetsi azima kodi?" anafunsa. Dzina loti Mafunso anamupatsa ndi azichimwene ake chifukwa sankalola kanthu kumudutsa osafunsa.

"Magetsi alipo, suona babu likuyaka?" anayankha amayi ake osadzutsa mutu.

Firijiyo anali atangoigula kumene kwa aneba awo, a Chipewa, bambo amene sankavula chipewa ngakhale m'nyumba. Tsiku logulalo Mafunso analipo, ndipo anawamva ndi makutu ake akuti, "Mayi, thupi lokhali ndiye lakale, koma injini ndi yatsopano. Ndaikitsa mwezi wathawu." Mawu amenewo ndi amene anachititsa amayi ake kutulutsa ndalama zimene ankasungira fizi yake.

Wokonza mafiriji amene anamuitana anatembenuza firijiyo n'kukanda injini ndi mpeni. Penti wakuda anasupuka, pansi pake panaoneka dzimbiri lokhalokha.

"Iyi ndi nkhalamba, mayi," anatero akupukusa mutu. "Angoidzoza penti kuti ioneke ngati mtsikana."

Popita kusukulu Mafunso ankangolumikiza zinthu m'mutu. N'chifukwa chiyani a Chipewa ankafulumiza malonda aja? Nanga bwanji anadzipereka okha kuinyamula pa wilibala? Ngakhale moni wawo wa tsiku ndi tsiku unayamba kumumvekera ngati nyambo.

M'kalasi ankakhala desiki imodzi ndi mwana wa a Chipewa, mnzake wa kuyambira ali aang'ono. Tsiku limenelo anatenga chikwama chake n'kukakhala kumbuyo.

"Ndakulakwira chiyani?" anafunsa mnzakeyo pa nthawi yopuma.

"Iwe sunkadziwa za penti uja?"

"Penti wanji?"

"Usadzipusitse. Bambo ako ndi akuba."

Anayankhula mokweza, ndipo kalasi yonse inamva. Mnzakeyo anangowerama n'kumayang'ana buku limene sanalitsegule.

Madzulo kunabwera amayi ake aang'ono, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti. Atamva nkhani yonse anafunsa mkulu wawo, "Achemwali, akanapanda kunena za injini yatsopano, mukanagula?"

"Ndikanagula bwanji chinthu chakale chotere?"

"Ndiye nkhani ili pomwepo. Munthu akakuuza chinthu chosaona, iwe n'kugula chifukwa cha mawu akewo, lamulo limakulola kuthetsa mgwirizano. Umabweza katundu, iye amabweza ndalama. Koma musachedwe, ndipo musaikonzetse, angadzati munaivomera mmene ilili."

"Nanga mkaka wathu wawonongekawu?" analowerera Mafunso.

"Ngati ananama dala, kapena anangoyankhula mosasamala, alipiranso umenewo. Koma ngati nawonso anali ndi chifukwa chokhulupirira zimene ankanenazo, kawirikawiri kumangokhala kubwezerana basi."

"Ananama dala."

Amayi aang'onowo anamuyang'ana. "Unawaona akupaka pentiyo?"



Loweruka m'mawa onse atatu anagogoda kwa a Chipewa. Bamboyo anamvetsera, kenako anapita kukaona yekha injiniyo. Anagwira dzimbiri lija ndi chala, n'kukhala nthawi yaitali atanyonyomala.

"Ine ndinalipira injini yatsopano," anatero ndi mawu otsika. "Tiyeni kwa amene anandiikira, mukadzimvere nokha."

Mafunso ankayenda pambuyo pawo, akuwayang'anitsitsa. Mumtima ankati, sewero ili. Atifikitsa pakhomo lotseka, kenako anene kuti munthuyo wathawa.

Anadutsa mseu wa okonza njinga, n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa msika. Pakhomo paja panalidi potseka, loko wamkulu akulendewera. Mafunso anakoka amayi ake chovala kuti aone kuti zimene ankaganiza zachitika. Koma pakhonde panali anthu ena. Mayi wina anali atakhalira firiji yaing'ono, mwana ali kumsana. Mnyamata wa malo ometera tsitsi ankasuzumira pawindo.

"Nanunso ndi a injini yatsopano?" anafunsa mayi uja. "Khalani pamzere. Mwini wake anasamuka osatsanzika, watisiyira penti."

A Chipewa anakhala pansi pa sitepe. Kwa nthawi yoyamba Mafunso anawaona atavula chipewa, akuchipinda m'manja. Mutu wawo unali wa imvi zokhazokha.

"Mayi," anatero pomaliza, "ine andipusitsa, koma mawu aja anatuluka pakamwa panga, ndipo inu munagula chifukwa cha ine. Firiji ndikatenga. Ndalama zina ndinalipira kale lendi, koma mundipatse masiku ochepa."

"Za mkaka zisiyeni, bambo," anatero amayi ake a Mafunso. "Tonse talumidwa ndi galu mmodzi."

Amayi aang'ono analangiza a Chipewa kuti iwo ndi anzawo apakhondewo akadandaule limodzi kupolisi, chifukwa amene ananama dala uja ndiye woyenera kulipira zonse.

Sabata isanathe ndalama zinabwera zonse. Mafunso anadabwa kuti azipeza kuti, mpaka Lolemba m'mawa pamene anawaona a Chipewa akupita kuntchito wapansi. Njinga yawo inali itaimikidwa kwa okonza njinga, mwini wake watsopano akuikweza chishalo.

Atafika m'kalasi anapeza mnzake uja ali yekha pa desiki yawo. Ana ena anali atayamba kubisa zolembera mnzakeyo akamadutsa. Mafunso anaima pambali pake, chikwama chili m'manja.

"Pepa," ananong'ona. "Ndinalakwitsa."

Mnzakeyo sanasunthe kuti amupatse malo. "Ponditukwana sunanong'one," anatero.

Aphunzitsi anali asanalowe, ndipo kalasi inali phokoso lokhalokha. Mafunso anayenda mpaka kutsogolo. Anatenga chofufutira n'kugogoda pa tebulo mpaka onse anakhala chete.

"Ndili ndi mawu," anayamba. "Tsiku lija ndinakuuzani zinthu zimene sindinazione. Bambo a mnzangayu si akuba. Iwonso anaberedwa, komabe agulitsa njinga yawo kuti atibwezere."

Palibe amene anaseka. Pobwerera anapita molunjika kumbuyo kumene ankakhala masiku amenewo, osayembekezera kanthu. Akudutsa pa desiki yakale ija, mnzakeyo anachotsa mabuku ake pa benchi, maso ali pa bolodi.