Mauthenga a Miriam Amene Yunike Anafufuta

Danwell anaimika minibasi yake ya ku Mwase pafupi ndi Msika wa Lundazi, n'kulunjika pa tebulo la mtedza wokazinga. Wogulitsa wake, Yunike, anadzutsa maso.

"Monile adada. Wamchele kapena wopanda?"

"Uliwonse, bola mundiuze dzina lanu."

Pasanathe mwezi, foni ya Yunike sinkapumanso ndi mauthenga a Danwell. "Wapamtima, wadya? Thupi lili ku Mwase, mtima uli pa tebulo lako." Tsiku lina inabwera ndi lonjezo: "Switi wanga, tikakolola ndituma akuluakulu kwanu."

Danwell sanabise kanthu. Mkazi wake Miriam anamwalira zaka ziwiri zapitazo.

"Palibe vuto," anatero Yunike. Womwalira angalande mwamuna wa munthu?

Masana ena Yunike anapeza Danwell ali yekha m'minibasi, foni ili pakhutu, akumwetulira misozi ikulengeza. Munkamveka mawu a mkazi: "Dan, usaiwale sopo pobwela. Uyende bwino, wamva?"

"Ndani ameneyo?"

"Ndi Miriam. Mauthenga ake akale. Anatsala asanu ndi awili chabe."

Sopo! Munthu wamkulu kulirira uthenga wa sopo! Yunike ankamutumizira mawu okoma m'mawa uliwonse, koma nkhope ya Danwell sinawalepo chonchi. Akanakhala mkazi wamoyo, bwenzi atapita kukamuona, mwina kukakangana naye. Nanga wa kumanda umapikisana naye bwanji?

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkamubaya. Danwell akakhala chete, "Ukuganiza za iye?" Akayamikira ndiwo, "Zake zinali zokoma kuposa izi?"

Lachisanu lina Danwell anaiwala foni pa tebulo lake. Yunike anapeza mauthenga a Miriam aja n'kuwafufuta onse.

Danwell atabwerera anafufuza m'fonimo, n'kufufuzanso. Sanakalipe. Anangokhala pansi, pafumbi, anthu akudutsa.

"Yunike, anali mawu ake omaliza. Kulibenso kwina kumene ndingawamve."

"Ndine ndili moyo, Danwell! Ndine!"

Danwell anadzuka n'kupita. Foni ya Yunike inakhala chete milungu itatu.

Chakudya chinasiya kumulowa Yunike, mutu unkamuwawa osaleka. Kuchipatala namwino sanamupeze ndi matenda, koma atamuyang'anitsitsa anamuperekeza kwa mayi Loyce, amene anaphunzira ntchito ya uphungu.

"Ine sindine wamisala, amayi," anatero Yunike ali pakhomo.

"Sindinatelo. Khalani pansi. Zimene tikambe pano zitsala pano."

Yunike anayembekezera kudzudzulidwa, monga anachitira azakhali ake atamva za nkhaniyi. Mayi Loyce anangomvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Pamene munamva mawu aja, munaopa chiyani?"

"Sindinaope. Ndinakwiya."

"Pansi pa mkwiyowo panali chiyani?"

 Apa zinatuluka zimene Yunike sanauzepo munthu. Mnyamata wake woyamba anakhala naye zaka zitatu, n'kubwerera kwa chibwenzi chake chakale. Pochoka anamuuza kuti, "Iwe unali wongodikililapo." Mawu amenewo ankamulira m'makutu mpaka lero.

Analira mpaka mpango unanyowa.

Anabwereranso Lachiwiri lotsatira, ndi linanso. Anaphunzira kuzindikira nsanje ikamayamba kukwera pachifuwa, kupuma kaye, ndi kunena mantha ake m'malo moponya mawu obaya. Chovuta kwambiri chinali kupepesa popanda kuumiriza kukhululukidwa.

Pamapeto pake analemba: "Danwell, ndinakulanda chinthu chimene sindingabweze. Ndinalakwa. Sindikukukakamiza kubwelela. Ndikuonana ndi aphungu kuchipatala, akundithandiza."

Yankho silinabwere. Tsiku, sabata, masabata awiri. Kodi anali atapeza wina? Mtima unkamuuza kuti apite pa siteshoni akazonde. Sanapite.

Lachiwiri lina akutuluka m'chipinda cha mayi Loyce, anaima chilili. Pabenchi panali Danwell, chipewa chili m'manja.

"Wabwela kudzatani?"

"Kudzaonana nawo. Aka n'kachitatu, kale ndinkabwela Lachinayi." Anayang'ana pansi. "Zaka ziwili ndinkalila ndi foni chabe. Sindinakambepo za Miriam ndi munthu wamoyo."

Yunike anakhala kumapeto kwa benchi, osayerekeza kuyandikira.

"Sindiname, wapamtima," anatero Danwell. "Zikundiwawabe. Koma ndakusowa."

Nsanje ija inagogoda pachifuwa monga mwa masiku onse. Yunike anaimva, napuma mozama.

"Ndiuze za iye. Anali munthu wotani?"

Danwell anamuyang'ana. Kenako anaseka, misozi ikutsika.

"Ankaimba moipa, Yunike. Moipa zedi! Koma m'kwaya ya ku Chikomeni palibe amene ankalimba mtima kumuuza."

Yunike anasendera pafupi n'kumugwira dzanja.

"Pitiliza," anatero.